Mmene tikukonzera ulendo wa pa RV kuchokera ku Edmonton mpaka ku nyanja ya Arctic

Ulendo umene ine ndi mayi a kunyumba tikukonza mwezi wa Ogasiti udzayambira kuno ku Edmonton, kumene timakhala, ndipo ukathera m'mudzi wa Tuktoyaktuk, m'mphepete mwa nyanja ya Arctic, kumpoto kwenikweni kwa Canada. Popita pokha pali makilomita oposa 3,300, ndipo pa amenewa pafupifupi 900 omalizira ndi a msewu wa miyala ndi dothi, wopanda phula. Tidzayenda pa RV, galimoto yokhala ndi bedi, chitofu, thanki ya madzi ndi chimbudzi, kotero kuti kumene kwatidera n'kumene tidzagone. Ndikulemba mmene takonzera chifukwa ndikukhulupirira kuti ulendo wotere, ngakhale ukuoneka woopsa pa mapu, munthu wamba wogwira ntchito ya pamwezi angathe kuuyenda bwinobwino, malinga ngati wavomereza kuti amene akulamula ndondomeko ndi msewu, mitsinje ndi nyengo, osati chikhumbo chake chofuna kuona malo ambiri.

Anthu ambiri akamva za ulendo wa kumpoto amaganiza za Alaska, ndipo ifenso tinayamba taganizira kumeneko. Koma Alaska ndi gawo la dziko la United States, ndipo munthu woyendera pasipoti ya Malawi amafunika viza ya dziko limenelo kuti awoloke malire, ngakhale atakhala ndi chilolezo chokhazikika m'Canada. Abale athu amene sanatenge unzika wa kuno ayenera kudziwa zimenezi asanayambe kuwerenga makilomita. Ife tinasankha njira imene sidutsa malire alionse, ndipo sitikuona ngati tataya kanthu, pakuti msewu wa Dempster, umene umakafika ku tauni ya Inuvik, pamodzi ndi wopitirira ku Tuktoyaktuk ndi njira yokhayo m'Canada imene munthu angayendetse galimoto mpaka kukafika pa gombe la nyanja ya Arctic.

Chigawo choyamba cha ulendowu sichitidetsa nkhawa kwambiri. Kuchoka ku Edmonton kukafika ku Dawson Creek, m'chigawo cha British Columbia, ndi makilomita pafupifupi 590 a msewu wabwino. Kumeneko n'kumene kumayambira Alaska Highway, msewu umene asilikali a dziko la America, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a iwo akuda, analambula mothamanga m'chaka cha 1942 pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo unatsegulidwa kwa anthu wamba mu 1948. Lero uli ndi phula, ndipo tidzautsata makilomita pafupifupi 1,400, kudutsa Fort Nelson, nyanja ya Muncho, akasupe a madzi otentha a ku Liard River ndi Watson Lake, mpaka ku Whitehorse, likulu la chigawo cha Yukon. Zofunika kusamala nazo m'chigawo chimenechi ndi ziwiri. Choyamba ndi njati za m'nkhalango zimene zimadya ndi kugona m'mbali mwa msewu cha ku Liard, chifukwa chake sitidzayenda kukachita mdima. Chachiwiri ndi moto wolusa. Mu Meyi 2024 anthu onse a m'tauni ya Fort Nelson anasamutsidwa chifukwa cha moto, ndipo msewu unatsekedwa. Kumpoto kulibe misewu yambiri yolambalala, moti msewu umodzi ukatsekedwa, munthu amadikira kapena amazungulira mtunda wa masiku. Kuchoka ku Whitehorse tidzalowa Klondike Highway, makilomita oposa 500 kukafika ku Dawson City, tauni imene inatchuka golide atapezeka kumeneko mu 1896.

Koma ndondomeko yathu sitinaiyambire ku Edmonton. Tinaiyambira kumapeto, pa msewu wa Dempster, n'kumabwerera m'mbuyo, chifukwa chilichonse chovuta chili kumeneko, ndipo galimoto imene yakwanira msewu umenewo yakwaniranso ina yonse. Msewuwu umapatuka pa Klondike Highway makilomita 40 kum'mawa kwa Dawson City, ndipo umayenda makilomita pafupifupi 740 kukafika ku Inuvik. Unatsegulidwa mu 1979. Umadutsa mapiri a Ogilvie ndi malo otetezedwa a Tombstone, umakwera zitunda za Eagle Plains, umadutsa Arctic Circle (mzere wa pa mapu umene kumpoto kwake dzuwa limakhala masiku ena osalowa m'nyengo yotentha) pa kilomita 405, kenako umakwera mapiri a Richardson n'kulowa m'chigawo cha Northwest Territories. Kuchokera ku Inuvik pali makilomita ena 138 a msewu watsopano umene unatsegulidwa pa 15 Novembala 2017. Msewu umenewu usanamangidwe, galimoto zinkafika ku Tuktoyaktuk m'nyengo yozizira yokha, poyenda pamwamba pa madzi oundana.

Nambala imene yalamulira maganizo anga onse ndi 370. Kuchokera pa mphambano ya msewu wa Dempster mpaka ku Eagle Plains pali makilomita pafupifupi 370 opanda malo omwetsera mafuta, opanda galaja ndiponso opanda sitolo. Ndi ngati kuchoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu popanda kupeza mafuta pa Kasungu kapena pa Jenda. Munthu akathira mafuta omaliza mu Dawson City, mtundawo umapitirira makilomita 400. Galimoto yathu, ikasenza katundu, imamwa malita pafupifupi 18 a dizilo pa makilomita 100 pamsewu wa phula. Powerengera msewu wa miyala, zitunda, mphepo ndi matope, ndaika malita 22, kutanthauza malita oposa 80 kuti tikafike ku Eagle Plains. Thanki yathu imakwanira, komabe tidzanyamula zigubu ziwiri za malita 20, chifukwa chiwerengero chimenechi chikuganizira munthu amene akungopita kutsogolo. Amene wayenda makilomita 300 n'kupeza kuti madzi akokolola msewu, ayenera kukhala ndi mafuta obwererera, kapenanso otenthetsera m'galimoto usiku wonse akudikira kuti okonza msewu afike. Kupitirira Eagle Plains mipata imachepa: mafuta amapezeka ku Fort McPherson, pambuyo pa makilomita pafupifupi 180, kenako ku Inuvik. Lamulo lathu n'lakuti paliponse pamene pali mafuta tidzadzaza thanki, ngakhale mtengo utakwera bwanji, ngakhalenso thankiyo itangotsika pang'ono.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake matayala amavutika pa msewu umenewu, ayenera kudziwa mmene unamangidwira. Pansi pa dera lonselo pali nthaka youndana chaka chonse. Nthaka imeneyi ikafunda imasungunuka, ndipo chilichonse chomangidwa pamwamba pake chimatitimira. Choncho omanga anaunjika miyala ndi dothi kutalika kuposa mita imodzi, mwina kufika mamita awiri ndi kupitirira, kuti kutentha kusafike pansi. Zotsatira zake n'zakuti msewu uli pamwamba ngati mzere wa m'munda, m'mbali mwake ndi mofewa, ndipo galimoto yolemera ikapatukira m'mphepete mosasamala imatha kutsetsereka n'kugudubuzika. M'madera ena miyala imene anathira ndi yosongoka ndipo imang'amba matayala ofooka. Pofuna kuchepetsa fumbi, okonza msewu amathira mankhwala a calcium chloride, amene mvula ikagwa amasandutsa msewu kukhala thope loterera lokakamira, ndipo thopelo likauma pansi pa galimoto limadyetsa zitsulo dzimbiri. Tagula matayala atsopano olimba, a mtundu wa galimoto zonyamula katundu, ndipo tidzatenga a sipeya awiri athunthu, aliyense ali pa limu yake. Tidzatenganso pampu yoyendera batire, zomatira zibowo, jeke yokwanira kulemera kwa galimoto yodzaza, ndi thabwa lochindikala loikapo jekeyo kuti isamire m'dothi. Ndayeserera kale kusintha tayala galimoto ili yodzaza, ndipo mayi a kunyumba nawonso ayeserera, chifukwa palibe chitsimikizo chakuti tsiku la vuto wathanzi adzakhala ine.

Nkhani ya mtundu wa galimoto ndiyo imene anzathu amatsutsana nafe kwambiri. Ena akuti RV yaikulu ngati basi ndiyo yabwino pa ulendo wautali, chifukwa ili ndi bafa lenileni ndi malo otambasukira. Ena amakonda kalavani yokoka kumbuyo. Zonsezi zimafika ku Inuvik, ndipo sindikunyoza amene amasankha choncho. Koma ife tasankha pikapu yokoka ndi mawilo onse anayi, yokhala ndi kanyumba kokweza pamwamba pake. Mkati mwake ndi mothinana, madzi amene timanyamula ndi ochepa, koma ili ndi matayala anayi okha oti tiziwadera nkhawa, ndi yokwera bwino kuchokera pansi, ndipo imatha kutembenuka pamalo opapatiza. Kukwera pansi kumeneku n'kofunika pa madoko a pantoni zowolotsa galimoto pa mitsinje, pamene pokwerera ndi pa dothi limene amalisalaza ndi makina malinga ndi mmene madzi akwerera kapena kutsikira, ndipo galimoto yaitali kumbuyo imatha kukhula pansi. Chinthu chimene ambiri sachilabadira ndi kulemera. Pachitseko cha galimoto iliyonse pamalembedwa katundu amene ingasenze, ndipo madzi, mafuta a m'zigubu, matayala awiri, gasi, chakudya ndi anthu eniakewo zimafika msanga pa malire amenewo. Kwa amene akufuna kuchita hayala RV, ndikulangiza kuti awerenge mgwirizano mofatsa, chifukwa makampani ambiri amaletsa msewu wa Dempster kapena amalipiritsa ndalama yapadera, ndipo woswa lamulo limeneli inshuwalansi siimuteteza. Afunsenso, ndipo yankho lake likhale lolembedwa, kuti kodi thandizo lokoka galimoto yowonongeka limafika makilomita angati.

Mitsinje iwiri ndiyo imasankha mwezi woyendera. Pa mtsinje wa Peel, pafupi ndi Fort McPherson, ndi pa mtsinje waukulu wa Mackenzie, pafupi ndi mudzi wa Tsiigehtchic, palibe milatho. M'nyengo yotentha boma limayendetsa mapantoni aulere, kuyambira cha mu Juni mpaka cha mu Okutobala. M'nyengo yozizira galimoto zimawoloka pamwamba pa madzi oundana. Pakati pa nyengo ziwirizi, pamene madzi akuundana kapena akusungunuka, pamakhala masabata angapo oti palibe wowoloka. Ngakhale pakati pa nyengo yotentha, pantoni ya pa Peel, imene imayenda pa chingwe, imaima madzi akasefukira ndi kubweretsa mitengo yokokoloka, ndipo apaulendo amadikira pa doko mpaka madzi ataphwa. Kumapeto kwa Juni ndi kumayambiriro kwa Julayi dzuwa sililowa n'komwe ku Inuvik (limakhala masiku 56 osalowa), koma imeneyo ndi nthawinso ya udzudzu wochuluka modabwitsa. Udzudzu wake sufalitsa malungo, koma umalepheretsa munthu ngakhale kudyera panja. Tasankha Ogasiti chifukwa udzudzu umakhala utachepa, usiku umayamba kubwerera kotero kuti munthu amagona bwino, ndipo chakumapeto kwa mweziwo tizitsamba ta m'zigwa za Tombstone timasanduka tofiira ndi tachikasu. Vuto lake n'lakuti m'mapiri a Richardson chipale chofewa chimatha kugwa ngakhale mu Ogasiti, choncho zovala za nyengo yozizira ndi mabulangete okhuthala tidzatenga.

Dzina la msewuwu lili ndi mbiri imene ndimaiganizira nthawi zonse ndikamalemba ndondomeko. Mu Disembala 1910, apolisi anayi otsogozedwa ndi Francis Fitzgerald ananyamuka ku Fort McPherson kupita ku Dawson City pa ngolo zokokedwa ndi agalu. Ananyamula chakudya chochepa kuti ayende mofulumira, ndipo munthu wa mtundu wa Gwich'in amene anawalondolera njira chigawo choyamba anamubweza, pokhulupirira kuti mmodzi wa iwo akuidziwa njira yotsala. Anasochera m'mapiri, anataya masiku ambiri akufunafuna mpata, ndipo pamene anaganiza zobwerera chakudya chinali chitatsala pang'ono kutha. Onse anayi anafa, ena atatsala ndi makilomita pafupifupi 40 kuti afike ku Fort McPherson, kumene manda awo ali mpaka lero. Wapolisi amene anatumidwa kukawafuna, n'kupeza mitembo yawo mu Malichi 1911, anali William Dempster, ndipo iye anayenda ndi wolondolera njira wa m'deralo. Anthu amenewa sanali ofooka kapena osadziwa kuzizira. Chinawapha ndi ndondomeko yopanda mpata wa zosayembekezereka, ndiponso kuchedwa kuvomereza kuti nthawi yobwerera yakwana. Ife tili ndi injini ndi msewu, zimene iwo analibe, koma pa kalendala yathu tasiya masiku angapo opanda dzina la malo alionse, ndipo ambiri mwa masikuwo tawaika pafupi ndi Dempster. Mvula ikagwa tidzaima ku Dawson City kapena ku Eagle Plains mpaka msewu utauma. Tagwirizananso tili kunyumba, mitima ili m'malo, kuti tikagwiritsa ntchito matayala onse awiri a sipeya tisanapeze ena, kapena tsiku limene tinaika lotembenukira likakwana tisanafike ku nyanja, tidzabwerera popanda kukambirananso. Pangano lotere n'losavuta kulipanga tsopano kuposa pamene nyanja yatsala makilomita 200.

Pa mbali yaikulu ya msewu wa Dempster palibe netiweki ya foni. Imapezeka m'matauni ndi m'midzi, koma pakati pake foni imangokhala wotchi ndi kamera. Tagula kachipangizo kotumizira mauthenga kudzera pa setilaiti, kokhala ndi batani loitanira thandizo pangozi, ndipo madzulo alionse tidzatumiza uthenga kwa m'bale wathu amene adzakhale ndi ndondomeko yathu yonse, nambala ya galimoto, ndi malangizo a zoti achite ngati papita nthawi imene tagwirizana asanamve za ife. Mapu tawasunga mu foni kuti azitseguka popanda intaneti, komanso tili ndi a pepala. M'mawa uliwonse pamene pali netiweki tidzayang'ana malipoti a misewu a boma, DriveBC ku British Columbia ndi 511 Yukon, komanso a Northwest Territories amene amanena ngati mapantoni akuyenda. Tidzafunsanso oyendetsa galimoto ochokera kumene tikupita, pakuti amene wangotsika kumene m'phiri amadziwa za msewu zimene lipoti silinalembe.

Chakudya chochuluka tidzagula ku Edmonton ndi ku Whitehorse, chifukwa chilichonse chogulitsidwa kumpoto chayenda mtunda wautali pa lole kapena pa ndege ndipo mtengo wake umasonyeza zimenezo. Ufa, nyemba, mpunga ndi za m'zitini sizivuta kusunga, ndipo tawerengera chakudya choposa masiku a ulendo. Usipa wouma umene timaukonda tausiya dala, chifukwa cha fungo lake. Dera lonseli kuli zimbalangondo, zakuda ndi zazikulu za mtundu wa grizzly, ndipo zimanunkhiza chakudya kutali kwambiri. Chilichonse chonunkhira chidzagona m'galimoto motsekedwa, zinyalala tidzazisunga mpaka titapeza nkhokwe zachitsulo zimene chimbalangondo sichingatsegule, ndipo aliyense wa ife adzakhala ndi kabotolo ka utsi wa tsabola wothamangitsira nyamazi pa lamba wake, osati pansi pa chikwama. Chimbalangondo chikazolowera chakudya cha anthu, mathero ake oyang'anira nyama amachiwombera, choncho kusasamala kwa wapaulendo mmodzi kumapha nyama ndi kuika pangozi amene adzagone pamalopo pambuyo pake. Madzi akuda a m'chimbudzi tidzakhuthula pa malo ovomerezeka okha, ndipo tawalemba kale pa mapu.

Pali chinthu china chimene sichilowa m'chiwerengero cha malita ndi makilomita, koma kwa ine n'chachikulu. Dera limeneli anthu amalitcha chipululu, koma lili ndi eni ake. Malo a Tombstone ali m'dera la a Tr'ondëk Hwëch'in, Fort McPherson ndi Tsiigehtchic ndi midzi ya a Gwich'in, ndipo Tuktoyaktuk ndi kwawo kwa a Inuvialuit, amene anasainirana pangano la malo ndi boma la Canada mu 1984. Mbali ina ya nthaka ya m'mphepete mwa msewu ndi yawoyawo, kotero munthu sangangoima paliponse n'kumanga msasa. Kwa iwo msewu umene ife tikuuyenda mosangalala ndi njira ya chakudya, mafuta ndi katundu wa tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake lole yaikulu ikamabwera tidzachepetsa liwiro ndi kuipatsa mpata, zimene zimatetezanso galasi lathu lakutsogolo ku miyala youluka. Nyali zidzakhala zoyaka usana wonse chifukwa cha fumbi. Ndipo sitidzaima pa zigawo za msewu zimene zili ndi zikwangwani zosonyeza kuti ndege zimatera pamenepo. Tuktoyaktuk ndi mudzi wa anthu pafupifupi 1,000 umene chiyambire 2017 umalandira alendo ochuluka kuposa kale lonse, pamene gombe lake likugumuka chaka ndi chaka chifukwa cha mafunde ndi kusungunuka kwa nthaka. Tikafika tidzagona pamene eni mudzi asonyeza, tidzafunsa tisanalowe m'madzi kapena kujambula munthu ndi nsomba zake zoyanika, ndipo tidzagula zimene amisiri akumeneko amapanga. Tikufunitsitsa kuona timapiri ta pingo, timene mkati mwake ndi madzi oundana, makamaka Ibyuk, kotalika mamita pafupifupi 49, koma tidzationera pamalo ololedwa. Kukonzekera bwino mafuta, matayala ndi mankhwala kulinso mbali ya ulemu umenewu, chifukwa mlendo wosakonzeka akagwa m'vuto, amene amasiya ntchito zawo kukamupulumutsa ndi anthu ochepa a m'midzi yomweyi.

Pobwerera, tikatsuka thope pansi pa galimoto ku Dawson City ndi kuonetsa mabuleki kwa makaniko ku Whitehorse, tikufuna kupatukira pa Cassiar Highway, msewu nambala 37, umene umachoka pa Alaska Highway kumadzulo pang'ono kwa Watson Lake n'kutsika makilomita oposa 700 kukafika ku Kitwanga, kumene tidzalowe msewu nambala 16 wobwerera ku Edmonton kudzera ku Prince George ndi Jasper. Njirayi ndi yopapatiza, malo a mafuta ndi otalikirana kuposa a pa Alaska Highway, ndipo nayonso moto umaitseka nthawi zina, choncho chisankho chomaliza tidzachipangira ku Watson Lake titaona malipoti a tsikulo. Zimene zatsala tisananyamuke ndi kudzaza galimoto ndendende monga idzakhalire pa ulendo, madzi, zigubu ndi ife tomwe, n'kukaiyeza pa sikelo ya malole, ekiselo yakutsogolo payokha ndi yakumbuyo payokha. Ikapitirira malire, tidzayamba kutsitsa mipando ya panja ndi njinga, kenako tidzachepetsa madzi a m'thanki, popeza amenewo tingathe kuwonjezera ku Dawson City ndi ku Inuvik.